Ndinalakwitsa Posankha

Uthenga umene wandipasulira chibwenzi ndinaulemba ndekha, ndi chala changa chomwe, ndili chiimire pakati pa shopu, sikuludiraiva ili kukamwa. Ndikanakhala pansi kaye, bwenzi pano ndikusita malaya ovala Lamlungu.

Ntchito yanga ndi yomanga ndi kukonza makompyuta. Kashopu kanga kali pakati pa ometa tsitsi ndi mayi wina wogulitsa nsalu, ndipo anthu a mumsewu wathu anaiwala kalekale dzina langa, amangoti Mawaya. Mtsikana amene ndikunenayu ndimamutchula Kambewa. Tsiku loyamba kulowa m'shopu mwanga ananena mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, kambewa kanga kafa," atagwira mbewa ya kompyuta kumchira ngati wapha yeniyeni. Ndinaseka mpaka iye anakwiya. Mbewayo ndinaikonza, dzinalo linamukanirira, inenso ndinakanirira pomwepo.

Kambewa amapanga makadi a maukwati kunyumba kwa bambo ake. Kompyuta yake yakale inali yochedwa moti ankaiyatsa n'kupita kukasamba. Choncho ndinaganiza zomumangira yatsopano. Miyezi inayi ndinakhala ndikusankha chipangizo chimodzichimodzi, mpaka mafani oziziritsa m'katimo ndinafunafuna osasokosa chifukwa iye phokoso limamusokoneza akamajambula. Chomalizira chinali pawa, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kugawira zipangizo zonse m'katimo. Imeneyo ndinakagula kwa Wamatayi, mwini shopu yaikulu ya zipangizo pamsewu waukulu, munthu wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Wamatayi anafunsirapo Kambewa kawiri n'kukanidwa kawiri konse, koma azakhali ake a Kambewa ankamuonabe ngati mkamwini amene wangochedwa panjira.

Tsiku lomwe ndinkamaliza kumanga, Kambewa anali atakhala pampando wa makasitomala, akugwedeza miyendo. Chikondi chimapusitsa munthu wodziwa ntchito. Ndinamatula sitika ya kufakitale pa pawa ija, imene imakhala ndi nambala yake, n'kumatapo yanga yomwe ndinajambulapo kambewa katanyamula mtima. Mbali imeneyo imayang'ana kukhoma la bokosi la kompyuta, palibe amaiona.

"Yakufakitaleyo usataye," anatero Kambewa. "Bwera nayo kuno. Imeneyi ndi chiphaso chobadwira cha mwana wathu woyamba."

Anaimata m'kati mwa kava ya foni yake, n'kubwezeretsa foniyo m'thumba.

Bambo ake anagwira ntchito yamagetsi zaka makumi atatu, ndipo chaka chathunthu ankanditchula kuti wa zidutswa uja. Tsiku lomwe ndinakapereka kompyutayo sanathokoze n'komwe. Anatenga sikuludiraiva yawo, anavala magalasi, n'kutsegula chivundikiro. Chala chawo chinayenda pa mawaya onse, mmene ndinawamangira m'timitolo popanda kupiringizana. 

"Munthu womanga mawaya chonchi sanama," anatero pomaliza. "Lamlungu la mawa mubwere ndi akuluakulu akwanu, tidzakambirane."

Ndinatuluka m'nyumbamo n'kuyamba ulendo wapansi. Njinga ndinaiiwala pageti, anachita kundikuwira.

* * *

Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku asanu kuti Lamlungu lija likwane, pa gulu lathu la okonza makompyuta pafoni panabwera chidziwitso. Kampani yopanga pawa zija inkaitanitsa zonse za nambala yoyamba ndi TK4. Zimatentha m'kati, zina zayaka kale moto m'nyumba za anthu. Aliyense amene ali nayo azimitse, abweze kumene anagula.

Ine tsiku lobadwa la mayi anga ndimaiwala, koma nambala ya chipangizo sindiiwala. Ya Kambewa inali TK4. Ndinaona m'maganizo mwanga tebulo lija pabalaza pawo, katani ikukhudza kumbuyo kwa kompyuta, iye ataweramira pagalasi. Ndinalemba mothamanga:

"Kompyuta ija usaiyatsenso. Undibwezere lero lomwe. Ndinalakwitsa posankha, pepa."

Ndinatumiza. Nthawi yomweyo kunalowa mphunzitsi wina atanyamula pulinta yomwe inameza pepala, ndipo ndinalimbana nayo mphindi makumi awiri. Atatuluka ndinatenga foni kuti ndione ngati Kambewa wayankha. Ndinawerenganso uthenga wanga uja ndi maso a munthu amene sadziwa za TK4, ndipo ndinaona kuti ukumveka ngati ndikuthetsa chibwenzi.

Ndinalemba wina wofotokoza, sunapite. Ndinatumiza chidziwitso cha kampani chija, sichinapitenso. Nditaimba, anayankha ndi azakhali ake.

"Eee, a Mawaya. Mwalakwitsa posankha eti? Zikomo kuti mwazindikira msanga. Ife tinaona kalekale."

"Azakhali, chonde, si zimenezo. Ndikunena za pawa."

"Pawa yake iti? Mapawa anuwo muzikaonetsa kwanu. Mwana wa eni ake akulira kuchipinda uko, mipando ya Lamlungu tabwereka kale, inu n'kumalemba zotere pafoni? Osabwera n'kudzanena pamaso bwanji, ngati mwamuna?"

"Mundipatseko ndiyankhule naye, mphindi imodzi yokha."

"Mwayankhula kale. Tawerenga tonse."

Anadula. Nditaimbanso, foni inangolira kamodzi n'kuduka. Anali atandibuloka.

* * *

Ndinatseka shopu n'kupalasa njinga ngati ndaba. Bambo ake akanandimvetsa ndi mawu awiri okha, koma tsiku limenelo anali atapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo nambala yawo ndinalibe. Chaka chonse ndinkaopa kuwapempha.

Azakhali anandipeza ndisanagogode. Geti anatsegula pang'ono, mongokwanira katoni. Anaiika pansi n'kuikankha ndi phazi. M'katimo munali mpango umene ndinamugulira Kambewa nthawi yozizira, kapu yolembedwa dzina lake, ndi mbewa yakale ija, mchira atauzunguliza bwinobwino.

"Zanu izo. Werengani ngati zakwana."

"Azakhali, zimenezi sindikuzifuna. Ndikufuna kompyuta yokha basi."

Ndinamva ndekha mmene mawuwo anatulukira. Azakhali anaomba m'manja, n'kutembenukira kwa mayi woyandikana nawo amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda.

"Mwamva anzanga? Akufuna chodula chokhacho! Chikondi cha masiku ano chili ndi risiti."

"Muli chipangizo cholakwika m'menemo! Chimatentha! Kampani yalemba!"

"Miyezi inayi chinali chabwino, lero chalakwika pamene mwapeza wina? Kompyuta ituluka muno eni nyumba akabwera. Anailandira ndi iwo, adzaibweza ndi iwo."

Pawindo la pabalaza katani inagwedezeka. Ndinadziwa kuti ali pomwepo. Ndinaimirira pa zala, n'kukuwa ndi mawu anga onse.

"Kambewa! Usaiyatse! Mukaiyatsa nyumba ino ipsa!"

 Mayi woyanika zovala uja anaima, malaya onyowa ali m'manja. Bambo wina wodutsa anatsika panjinga.

"Mwamva nonse," anatero azakhali, tsopano motsitsa mawu. "Wanena yekha kuti nyumba ino ipsa. Mukhale mboni."

Geti linatsekedwa. Ndinagogoda mpaka zala zinawawa, koma sanatsegule. Katoni ija ndinaimanga pa kaliyala, chifukwa kuisiya pamsewu kukanakhala kumunyoza kawiri.

* * *

Nzeru yomwe inandibwerera inali yakuti ndikatenge pawa ina yabwino ndi kalata ya kampani kwa Wamatayi, ndikadikire bambo ake a Kambewa pageti. Munthu wamagetsi akaona pepala ndi chipangizo, nkhani yatha.

Ndinamupeza Wamatayi akupukuta galasi la kauntala. Tayi ya tsikulo inali yofiira.

"Akamwini a anthu!" anatero akumwetulira. "Ndamva Lamlungu kuli zinthu. Kapena ndamva molakwa?"

"Akulu, ndabwera za pawa ija munandigulitsa. Ndi ya TK4. Kampani ikuitanitsa."

"Pawa? Ine ndinakugulitsani pawa?"

"Mwezi wathawu. Munachita kukaitenga kumbuyo nokha. Munati makina a risiti afa."

"Aaa, amwene, anthu amalowa muno ambiri." Anakonza tayi yake. "Koma palibe vuto. Bweretsani chipangizocho, tione nambala pa sitika. Ikakhala ya katundu wanga, ndikupatsani ina pompano. Kampani imafuna nambala basi. Sitikayo ilipo eti?"

 Maso anga anapita kuseri kwake, pa chitseko cha kumbuyo chomwe chinali chotsegula. Pansi panali makatoni asanu a pawa zomwezo, atamangidwa pamodzi ndi tepi yofiira. Pamwamba pake panali fumbi lochindikala, loti munthu n'kulembapo dzina. Chidziwitso chinatifikira ife m'mawa womwewo, koma makatoni amenewo sanamangidwe m'mawa womwewo.

"Kalata yoitanitsa inakupezani liti inuyo?" ndinafunsa.

Anakankha chitsekocho ndi chidendene osacheuka. "Ife ogulitsa timamva zinthu nthawi yathu. Inu omanga mumayenera kusankha bwino. Si paja mumadzitama kuti chipangizo chilichonse mumasankha nokha?"

Ndinafuna kumugwira tayi yomweyo. Koma foni yake inalira. Anayang'ana dzina, n'kuyankha mwaulemu wonse. "Azakhali." Anamvetsera. Kumwetulira kuja kunachoka, ndipo kwa kanthawi ndinaona mantha enieni pankhope pake. Kenako anatola makiyi a galimoto.

"Tulukani nditseke," anatero. "Kwa apongozi anga kwayaka moto."

* * *

Iye anapita pagalimoto, ine panjinga. Pamene ndinkafika moto anali atazimitsa kale. Geti linali lotsegula, pabwalo pali matope ndi zidebe, ndipo pawindo la pabalaza pankatuluka utsi wonunkha pulasitiki. Mipando yobwereka ija anali ataitulutsa panja, itasanjikizana pafupi ndi mpanda. Anthu anandipatsa njira, koma osati mwaulemu.

"Ndi ameneyu," wina ananong'ona. "Ananeneratu m'mawa."

Kambewa anali atakhala pakhonde, dzanja lamanja lili m'beseni la madzi. Tsitsi lake linali ndi phulusa. Sanali kulira, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa misozi. Ndinagwada patsogolo pake m'matope momwemo.

"Unaiyatsiranji? Ndinakuuza, Kambewa, ndinakuwa."

"Unati ndikubwezere." Mawu ake anali ouma. "Ndimafuna ndichotsemo zithunzi za amayi, ndikupatse chinthu chako chilibe kanthu kanga. Ndinangoti mphindi khumi."

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Zithunzi zawo zonse zinkakhala m'kabokosi ka nsapato, ndipo chilandirireni kompyutayo Kambewa ankazilowetsamo chimodzichimodzi kuti zisadzawonongeke. Kabokosiko kankakhala patebulo pomwepo, pafupi ndi kompyuta.

"Kabokosi kaja?" ndinafunsa.

Anatulutsa dzanja m'madzi n'kundionetsa. Khungu linali litatupa kuyambira pa zala mpaka pamkono. "Ndinayesa," anatero.

Palibe tsiku limene ndinadziona wachabechabe ngati limenelo. Ndinayamba kufotokoza za TK4, za kampani, za uthenga wachiwiri umene sunapite, koma mawu ankatuluka mosokonekera, manambala okhaokha. Iye ankangondiyang'ana.

"Ungondiuza chimodzi," anatero. "Woyenerayo ndi ndani? Amene ukanasankha?"

"Palibe! Ndimanena chipangizo, Kambewa. Chipangizo!"

Sindikudziwa ngati anamva. Azakhali anafika n'kuima pakati pathu, Wamatayi ali pambuyo pawo, tayi atailowetsa m'malaya kuti isade. Anamudzutsa Kambewa mosamala, n'kumukweza mpando wakutsogolo. Galimoto itanyamuka kupita kuchipatala, iye sanacheuke.

* * *

Lachitatu ndinatsegula shopu chifukwa chosowa kopita. Cha m'ma naini, mthunzi unatseka pakhomo. Anali bambo ake a Kambewa, atavala jekete, m'khwapa muli kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Ndinadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa.

"Khalani pansi," anatero. Iwo sanakhale. Anamasula nyuzipepalayo pa tebulo langa. Inali pawa ija, yakuda bii, mbali imodzi itasungunuka.

"Ndaitsegula," anatero. "Moto unayambira m'kati mwake. Chinthu chopsa chokha ndimachidziwa, choyatsidwa ndi munthu ndimachidziwanso. Mlongo wanga ndamuuza kuti nkhani yoti munaopseza nyumba aisiye. Uthenga wanu ujanso ndawerenga. Munalemba ngati munthu wopanda mutu, koma ndamva zimene mumanena."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. "Zikomo bambo. Zikomo kwambiri."

"Musathokoze msanga."

Anatembenuza pawayo kuti mbali yobisika ija iyang'ane kumwamba. Sitika yanga inali itapsa theka. Mtima uja unapita ndi moto, kunatsala kamutu ka mbewa ndi makutu ake, kakusekerera.

"Nambala yake ili kuti?"

Ndinayang'ana kambewa kopsako.

"Zaka makumi atatu ndagwira magetsi," anapitiriza, "sindinamatulepo nambala pa chipangizo. Nambala ndi imene imanena kumene chinthu chachokera, ndi amene ayankhe chikapsa. Mnzanu wa matayi uja akuti sanakugulitseni kanthu. Akuti inu mumatola zipangizo zotayidwa, n'kumatula manambala kuti anthu asadziwe. Ine dzulo ndinamutsutsa pamaso pa anthu. Ndinati mnyamata ameneyu ndinaona mawaya ake. Ndafika kunyumba, ndatembenuza ichi, ndapeza kambewa."

"Bambo, chinali chibwana chabe. Ndimafuna kumusangalatsa. Pawayo inali yatsopano, ndinagula kwa iyeyo, ndipo ankadziwa kuti ndi yoitanitsidwa. Makatoni ena ndawaona kumbuyo kwa shopu yake."

"Mwina n'zoona. Ine ndikufuna zikhale zoona." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi munthu wokalamba. "Nkhope ya mkazi wanga yatsala m'mutu mwanga mokha, a Mawaya. Mwana wanga dzanja lojambulira lili m'mabandeji. Sindingamupereke kwa munthu pongomva mawu. Ndionetseni nambala, tikaifunse kukampani kuti inapita kushopu ya ndani. Ikakhala ya uja, Lamlungu lanu lilipobe, ndipo za iyeyo mundisiyire ine."

"Ilipo!" ndinadumpha. "Sitikayo ilipo, bambo! Kambewa anaimata m'kati mwa kava ya foni yake. Mukangovula foniyo muiona."

Bambowo anayang'ana pansi.

"Foni yake inali patebulo lomwelo," anatero pang'onopang'ono. "Inangowauka pakona. Wa matayi uja anaitenga dzulo tili kuchipatala, kuti akaikonze."

Anakulunganso pawayo m'nyuzipepala, naibwezera m'khwapa. Kenako anatuluka.

* * *

Tsiku lonse ndinakhala ndikudziuza kuti Wamatayi sangaganize zoyang'ana m'kati mwa kava. Wokonza foni amavula kava n'kuiponya pambali, ndani amaiwerenga? Kenako ndinkakumbuka kuti ndi munthu wogulitsa zipangizo, woti TK4 angaizindikire ali kutsidya kwa msewu. Makasitomala awiri ndinawabweza. Katoni ya azakhali ija inali pansi pa tebulo, ndipo phazi langa linkangoigunda.

Cha m'ma folo, ometa tsitsi akusesa pakhomo pawo, foni yanga inanjenjemera. Inali nambala ya Kambewa. Anali atandichotsa pa buloko. Zilembo zinali zolakwikalakwika, zolembedwa ndi dzanja lamanzere.

"Adadi andiuza zonse. Ndamva tsopano kuti umanena pawa. Ndiwe chitsiru, koma ndamva."

Ndinaseka ndekha m'shopumo, misozi ikutsika. Ndisanayankhe, unalowa wachiwiri.

"Foni yabwera, waikonza bwino. Waikamo kava yatsopano. Akuti yakale ija inali yonunkha utsi, anataya."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Pamwamba pa foni pankaoneka kuti akulembabe. Analemba, anasiya, analembanso.

"Azakhali akuti mipando yobwereka isabwerere osakhalidwa. Lamlungu akubwera Wamatayi ndi akwawo. Adadi sanavomere, koma sanakanenso. Mawaya, nditani?"

Ulendo uno ndinakoka mpando uja, ndinakhala pansi kaye, sikuludiraiva ndinaiika patali. Ndinagwira foni ndi manja onse awiri kuti ndisankhe mawu bwinobwino. Ometa tsitsi anatseka, mayi wa nsalu anatsazika, ine ndisanalembe ngakhale chilembo chimodzi.